Mpeni Umene Suuma

Tiyamike mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano ndi pepala pabondo. Iwe wapita ku Magaleta kukatsanzika azakhali ako, ndipo ndikudziwa kuti subwera msanga, chifukwa inu awiri mukayamba macheza mumaiwala kuti dzuwa limayenda. Mawa ukwera minibasi ya ku Blantyre kukaphunzira zophika za m'mahotela. Ndasangalala, usaganize kuti sindinasangalale. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma pali nkhani imene ndakhala ndikuizengereza zaka zonsezi, ndipo ndikati ndiiyambe pakamwa iwe umaseka, maso ali pa foni, n'kumati, "Amayi inu, zachikale izo." Pepala sungalidule mawu. Werenga mpaka kumapeto, ndipo usanamalize usakhudze chikwama chako.

Ndiyambe ndi dzanja lako, chifukwa ndi limene likundisowetsa mtendere. Wakulira pambali pa mwala wanga wonolera pamsika wa Lisungwi. Unayamba kundithirira madzi pamwalapo usanadziwe n'kuvala komwe. Kunola umatha, sindikana. A Mbewe ogulitsa nyama ya mbuzi amati mpeni wonola iwe umalowa m'nyama ngati m'papaya wakupsa. Koma a Mbewe omwewo amabwera nawo kwa ine dzuwa lisanapendeke, utabuntha kale. Chifukwa chake ukuchidziwa. Umasiya ndevu.

Ukamakwecha mbali imodzi ya mpeni pamwala, chitsulo chimanka chipyapyala mpaka kumapeto kwenikweni kumatsala kachitsulo konga tsitsi, kamene kamapindikira mbali inayo. Agogo ako ankakatcha ndevu, nafenso timatero. Mpeni wandevu umanamiza. Ukaukhudza umaluma, tomato woyamba umamudutsa osamva kanthu, mwini wake n'kukuthokoza ndi manja awiri. Kenako ndevu zija zimapindika n'kuphimba kukamwa konse, basi mpeni wasanduka supuni. Iwe ukangoona kuti wadula kamodzi umati yatha ntchito, n'kuthamangira kwa anzako. Kudula koyamba ndi bodza, Tiya. Ndakuuza kangati?

Ine ndevu ndinaziphunzira ndi magazi. Ndili kamtsikana, agogo ako, bambo anga, anandipatsa mpeni kuti ndifufuze ngati zamera. Ine ndi changu changa, chimene iwe unatengera, ndinayendetsa chala chachikulu motsata kukamwa kwake, kuchokera kuchogwirira kupita kunsonga. Chipsera chake umachidziwa, unkachiseweretsa ukamayamwa. Iwo sanandipepese. Anangoti, "Esinati, mpeni saufunsa choncho. Yambira kumsana, utsetsereke modutsa, chala chikagwere panja. Ngati pali ndevu, zikukoka khungu." Nthawi imeneyo anali munthu wodekha mpaka kutopetsa. Anthu ankadandaula kuti ukawasiyira mpeni ukhoza kupita kukameta, kukadya, kubwerako akadali kuusalaza pachikopa chomalizira. Koma sanabadwe wodekha ayi. Anadekhetsedwa ndi mpeni umodzi, ndipo ndi umene ndikufuna uumve.

Kunali msodzi wa ku Matope, a Kambewa, munthu wamtali wosalankhulalankhula, amene ankabwera ndi milamba yowamba tsiku la msika. M'chiuno ankayenda ndi mpeni waufupi, chogwirira chake chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Mpeni wotere si wotumbulira nsomba. Ndi woti ukonde ukamukola munthu m'madzi adzidulire. Tsiku limenelo agogo ako anali ndi changu, chifukwa lole yopita ku boma inali italiza kale injini ndipo iwo ankafuna kukwera. Ananola mbali iyi, mbali iyo, pachikopa osapitapo. A Kambewa anafunsa, "Mwamaliza kale, achimwene?" Agogo ako anatola kachingwe pansi n'kukadula kamodzi. "Mwaonatu nokha." Ine ndinalipo, nditakhala pathumba ndikumung'unya bwemba.

Sabata isanathe, mlamu wawo wa a Kambewa anafika pamsika n'kuika mpeni uja pamwala. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati bwato linagubuduzika pa Shire, ukonde unakulunga mwendo, ndipo atawavuula anawapeza mpeni uli m'manja. "Chingwe choyamba chinaduka bwinobwino," anatero. "Chachiwiri mpeniwu unangochitafuna." Agogo ako anapititsa chala pampenipo, nkhope yawo inatuwa ine ndikuona. Anaunola pomwepo, mosamala ngati akusambitsa khanda, n'kuuchotsa ndevu zonse. Tinapita kumaliro ku Matope. Ndinaona ndi maso angawa akuuika m'bokosi pambali pa dzanja lamanja, bokosilo n'kukhomedwa misomali.

Chaka chotsatira, nyengo ngati inoyi, kukutentha mvula isanagwe, kunabwera mayi wina wosenza nkhuni. Anatula mtolo wake, n'kupereka kanthu kokulungidwa m'tsamba la nthochi. "Andipatsa panjira," anatero. Agogo ako atafunyulula, unali mpeni waufupi wa chogwirira cha mphira. Dzuwa linali loswa mtengo, nthaka ikuwotcha mapazi, koma mphira uja unali ukudontha madzi. Unkanunkha mtsinje. Kukamwa kwake kunali kutapindika, ndipo m'ndevumo munali titimaulusi ta ukonde. Agogo ako anauika pamwala. Anauza anthu onse amene anali pamzere kuti adikire, n'kuyamba kunola. Atamaliza, mayi uja anaulandira, anasenza nkhuni zake, napita. Mawa lake tinakumana naye pachigayo, ndipo sanatidziwe n'komwe.

Kuyambira pamenepo mpeniwo umabwera chaka chilichonse. Wobweretsa amakhala wina nthawi zonse: mphunzitsi, wogulitsa makala, tsiku lina mkulu wa mpingo wathu womwe, jekete lake lili pamapewa. Onse amanena mawu omwewo, onse amaiwala. Agogo ako atamwalira ndinkaganiza kuti nkhaniyi yalowa nawo m'manda. Ayi ndithu. Kutangotentha, mpeni uja unafika pamwala panga. Paja umandifunsa chifukwa chake ndimatseka msanga tsiku lina m'nyengo yotentha, n'kubwera kunyumba osafuna kudya. Tsopano wadziwa.

Usandiyang'ane choncho, ndikukuona ngakhale uli kutali. Ine ndine wa mpingo, ndipo ndimayimba kwaya iwe usanabadwe. Ndinapemphera, abusa anapemphera, amayi a kumpingo anabwera kudzayimba pamwala pomwepo. Sindikuuza kuti ndi mzimu kapena ndi chiyani, chifukwa sindidziwa. Chimene ndimadziwa n'chakuti mpeniwo umachoka wakuthwa, umabwera wobuntha, uli ndi ulusi. Ndiye kuti kumene ukupitako pali amene akudula. Ndimaganiza kuti a Kambewa akadali kudula.

Ndinalakwitsa koyamba pofunsa. Chaka chimenecho mpeniwo unabwera ndi mayi wogulitsa malambe, wansangala, amene tinkadziwana pang'ono. Mtima unandipsa, ndinati lero ndimve. "Mayi, wakupatsani ndani? Panjira pake pati?" Iye anandiyang'ana bwinobwino, anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma m'malo mwa mawu munatuluka madzi. Si malovu ayi, Tiya, madzi ofiirira a mumtsinje, mpaka ananyowetsa chitenje chake chonse kutsogoloku. Anagwada akutsokomola, maso ali gwa pa ine, ngati munthu amene akumira pamtunda. Ndinagwira mpeni n'kuyamba kunola, ndipo pamenepo m'pamene mpweya unamubwerera. Anati, "Pepani mayi, ndatsamwa chabe." Ukadzaulandira, usafunse. Wobweretsayo alibe mlandu, ndipo funso lako limamupweteka iyeyo.

Kulakwitsa kwachiwiri kumakhudza iwe. Malemu bambo ako sankazikhulupirira zimenezi. Ankati pali munthu wa ku Matope amene akutisewera, ndipo tikapitiriza kumunolera sadzasiya. Chaka china anandilimbitsa mtima, ndipo nanenso ndinali nditatopa ndi mantha. Mpeni utabwera sindinaunole. Tinapita nawo awiri kumtsinje wa Lisungwi, iwo n'kuuponya padziwe, tinabwerako tikuseka. Mawa lake masana ndinali ndikuyanika zovala pabwalo, iwe ukuyenda dzadzadza kumbuyo kwanga, unali utangophunzira kuyenda. Ndinangomva kuti zii. Mwana waphokoso ngati iwe kukhala chete. Potembenuka ndinaona timiyendo tako tili m'mwamba, mutu uli m'ndowa. M'ndowamo munali madzi ongofika m'chikhatho. Ndinakuzula, bambo ako anakugwira chadodolido, unasanza madzi ofiirira pamene ine ndinali nditatunga oyera a pamjigo. Utayamba kulira ndinayang'ana pakhonde pamene tinkasunga mwala. Mpeni unali pamwamba pake, ukudontha.

Tsiku limenelo ndinaunola iwe uli kumsana, ukadali kusisima. Panalibe woulandira, ndiye nditamaliza ndinauika pamwala, tonse tinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Potuluka panangotsala chinyezi chooneka ngati mpeni, nacho chinauma tikuona. Bambo ako sanaitchulenso nkhani imeneyi mpaka tsiku lawo lomwalira. Ndiye ukamadandaula kuti sindinakulole kusambira ndi anzako, kuti ndinkakukalipira ukangoyandikira chitsime, usamati mayi anga ndi ankhanza. Ndinali ndi mantha, ndipo ndikadali nawo. Usautaye, Tiya, usaubise, usaupereke kwa wina.

Tsopano tamvera kanoledwe kake, ngakhale ukuganiza kuti ukukadziwa. Usapite nawo kwa anyamata owotcherera zitsulo kuti auike pa makina awo aja otulutsa moto. Makina amawotcha chitsulo ndipo amasiya ndevu zazikulu ngati za mbuzi. Thira madzi pamwala, ukhute. Goneka mpeni, msana wake uutukule pang'ono chabe, ngati ukufuna kusenda khungu la mwalawo. Nola mbali imodzi mpaka ndevu zimere mbali inayo, kuyambira kuchogwirira mpaka kunsonga, osasiya mpata. Ndevu si mdani poyamba, ndi zimene zimakuuza kuti wafika kumapeto kwa chitsulo. Ukatero tembenuza, unole mbali inayo mpaka zibwerere. Apa m'pamene iwe umaimirira n'kupukuta manja, chonsecho apa m'pamene ntchito yeniyeni ikuyamba.

Pepukitsa dzanja. Kamodzi uku, kamodzi uko, ukuchepetsa mphamvu mpaka mpeni uziyenda ndi kulemera kwake kokha. Ndevu zikapindidwa uku ndi uko zimatopa, zimayamba kuthothoka. Ukatero pita pachikopa. Lamba wakale wa bambo ako ndi amene ndimagwiritsa ntchito. Mukoke alimbe, uyendetse mpeni chambuyo, msana patsogolo, kukamwa kukutsatira, mbali zonse ziwiri. Kenako uukoke mopepuka pakamtengo kofewa, phesi la chimanga louma limakwanira, kuti tizitsulo totsalira tikakamire mmenemo. Upite nawo padzuwa, uuyang'ane kukamwa kwenikweni. Pamene pakunyezimira, pali ndevu. Mpeni womalizidwa sunyezimira kukamwa, umangooneka ngati palibe kanthu. Komabe maso amanama, makamaka pa mpeni uwu umene suuma. Chala ndiye mboni. Modutsa, osati motsata, mbali iyi ndi mbali iyo, mpaka pasalale ponse. Pomaliza dula chingwe cha khonje. Usadule kamodzi. Dula, dulanso, dulanso, ndipo kudula komaliza kufanane ndi koyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kusukulu kwakoko akakupatsa mipeni yonyezimira ya m'masitolo, ndipo aphunzitsi akakuonetsa njira zawo. Ukawamvere, usakatsutsane nawo ngati mmene umachitira ndi ine. Koma mpeni uliwonse wodutsa m'manja mwako uzikaumaliza, ngakhale wosendera mbatatesi, chifukwa sudziwa kuti mawa ugwira ntchito yanji m'manja mwa ndani. Munthu akakufulumizitsa, umubwezere mpeni wake wobuntha. Wobuntha ndi wabwino, mwini wake amadziwa kuti sungamuthandize. Woopsa ndi umene wamulonjeza. Za anyamata a m'tauni odula bwino koyamba ndikanakuuzanso, koma imeneyo azakhali ako akukuuza panopa, ndikuwadziwa.

Mwina ukufunsa kuti bwanji ndikukusenzetsa zonsezi lero, pamene mwala ndi wanga ndipo ine ndikadali moyo. Paja kuchipatala anati ndili ndi matenda a shuga. Ndinakuuza za mapazi, kuti amachita dzanzi. Za manja sindinakuuze. Chala changa chachikulu chinafa, Tiya. Chimagwira, chimapinda, koma sichimva. Ndikhoza kuchipititsa pa minga osadziwa. Mipeni ya pamsika ndakhala ndikuimaliza mwa chizolowezi, ndipo ndikakayika ndimakuitana kuti, "Tabwera undionere apa," iwe n'kumaganiza kuti ndikukuyesa mayeso.

Sabata yathayi mpeni uja unabwera. Iwe unali utapita kukajambulitsa zithunzi za kusukulu. Anaubweretsa bambo wa kabaza wa njinga yamoto, chipewa chake chili kumutu. "Andipatsa panjira." M'ndevumo simunali ulusi wa ukonde ngati kale. Munali ulusi wokhuthala, wa chingwe chachikulu chija cha m'mphepete mwa ukonde chimene amamangirira miyala. Ndiye kuti a Kambewa atsala pang'ono. Akamaliza kudula, kaya apumula kaya avuuka, sindidziwa, koma ndimapemphera kuti apumule. Ndinaunola ndi mtima wanga wonse. Pachikopa ndinakhalitsa, padzuwa ndinauyang'ana mpaka misozi, koma madzi ankangotuluka m'mphira muja n'kuphimba kukamwa, ponse pakunyezimira. Ndinapititsa chala, sichinandiuze kanthu. Chingwe chinaduka, chinadukanso, ndinati mwina zatheka. Ndinaupereka.

Bambo uja analiza njinga yake, anayenda mpaka pa mlambe wa kumapeto kwa msika, n'kutembenuka. Anaima patsogolo panga injini ikulira, madzi akutsika m'chipewa chake ngati wanyowa ndi mvula. Mawu ake anali otsika, osati amene anabwera nawo. Anati, "Akuti simunamalize, amake Tiya. Akuti apita kwa wa zala zamoyo." Ndinati, "Bweretsani ndibwereze, bambo, chonde." Anatambasula manja onse awiri, munalibe kanthu. Kenako anaphethira, anandiyang'ana modabwa, n'kufunsa ngati ndikufuna kabaza.

Sabata yonseyi ndakhala ndikukuyang'ana ukamapita kumjigo, ukamasamba, ukamamwa tiyi amene. Unandifunsa kuti, "Amayi, mwayamba kale kundisowa?" Ndinati eya, ndipo sindinaname. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti Blantyre ndi kutali, mwina mpeniwo sudziwa njira ya kumeneko, ndipo ukabwera kuno ndidzapempha a Mbewe andibwereke chala. Ndinkaganiza zongokulembera malangizo, uwerenge m'minibasi.

Masana ano utangochoka, ndinalowa kuchipinda kwako kuti ndikuikire mtedza wokazinga ndi kamwala kakang'ono kamene agogo ako anaswa ku mwala waukulu. Chikwama unachitseka wekha m'mawa, ndinakuona, ndipo m'nyumba muno simunalowe munthu. Nditachinyamula, pasimenti panali chinyezi. Nditatsegula, fungo la mtsinje linandimenya kumaso. Epuloni yako yoyera ija, imene tinasoketsa ku boma, yanyowa mbali imodzi. Pansi pake pali tsamba la nthochi.

Sindinautulutse. Mpeniwu sunabwere kwa ine, ndipo ndaona zimene zimachitika tikamachita makani. Ndangotseka chikwamacho n'kuika kalatayi pamwamba pake. Madzi onse a m'nyumba muno ndataya, a m'ndowa, a mumtsuko, a m'beseni, ndasiya a m'kapu imodzi yokha othira pamwala. Ukapsa mtima ndi ine kuti ndinakubisira, upse, uli ndi chifukwa. Ukafuna kuseka, useke, koma useke utakhala pansi mpeni uli m'manja. Mawa minibasi yako iwoloka Shire pa mlatho wa Zalewa, mwana wanga, ndipo ine sinditha kukuzula m'menemo ngati mmene ndinakuzulira m'ndowa.

Tsopano tsegula chikwama. Ugwire kuchogwirira, usaope kunyowako. Undipeza kuseri kwa nyumba pansi pa bwemba, mwala ndautulutsa kale, lamba wa bambo ako ndamumangirira panthambi. Ine ndizikuuza ndi pakamwa, iwe uzimva ndi chala. Sukwera minibasi imeneyo chala chako chisanandiuze kuti pasalala ponse, mbali zonse ziwiri. Fulumira kubwera dzuwa lisanalowe, koma ukafika pamwalapo usafulumirenso.

Ndine mayi ako,
Esinati